Kamtengo ka a Bwanali ndi Thanki ya Kumanzere

Pa maliro a agogo anga, a Bwanali Phiri, ntchito yowerenga mbiri anandipatsa ine. Anati pa komboni ponse ndine ndekha amene ndinapondako ku koleji. Za mmene ndinatulukirako sanafunse, ndipo ine pa maliro sindikonda kuyambitsa chisoni china. Ndinaimirira, ndinakonza kolala, n’kunena kuti malemuwa anabadwira ku Dedza, anabwera kuno ku Macheke ali mnyamata, anagwira ntchito pa purazi imodzi, famu ya fodya, moyo wawo wonse, asiya ana anayi ndi adzukulu ambiri. Ndinakhala pansi. Amayi a mpingo anati ndawerenga bwino kwambiri, chifukwa ndinafupikitsa.

Koma mbiri imeneyo ingakwane nkhalamba iliyonse ya pa komboni pathu, mungosintha dzina. Onse anabwera kudzapeza njinga ndi bulangete kuti abwerere kwawo pakatha nyengo ziwiri za fodya. Njingazo anazipeza. Chimene chinasiyanitsa agogo ndi anzawo ndi ndege, ndipo pa maliro sindinaitchule n’komwe. Ndiye ndailemba pano.

Purazi ino kale inali ya mzungu wa fodya. Mzunguyo anali ndi kandege ka injini imodzi, ka mapiko pamwamba, kamene ankapitira ku okushoni ku Harare ndi kokawedza ku Kariba. Agogo sankakayendetsa. Ntchito yawo inali kukamwetsa. Mafuta ankabwera m’migolo, ndipo kuchokera mu mgolo mpaka m’thanki, dontho lililonse linkadutsa m’manja mwawo, pa fanelo yoyalidwa chikopa chofewa chimene chimalola mafuta kudutsa koma madzi chimawakana.

M’mawa uliwonse, kaya ndege ili ndi ulendo kaya ilibe, ankatenga botolo la jamu n’kukaima pansi pa phiko. Phiko lililonse lili ndi thanki yake, ndipo pansi pa thanki pali kabowo kokhetsera. Ankakhetsa timafuta m’botolo muja n’kulikweza kumwamba ndi manja awiri ngati abusa pa tsiku la mgonero. Mafuta a ndege ndi abuluu. Madzi alibe mtundu ndipo ndi olemera, amakakhala pansi pa botolo ngati diso la nsomba. Akaona kadiso kameneko ankataya, n’kukhetsanso, n’kutayanso, mpaka botolo litasiya kuwayang’ana.

Akatero ankakwera makwerero ndi kamtengo kawo.

Kanali ka mlombwa, kotalika ngati mkono, kakuda chifukwa cha manja. Anakatema mphini zinayi, ndipo mphini iliyonse inali ndi dzina. Yapansi inali Marondera: mafuta akanyowetsa kamtengo mpaka pamenepo, ndege ikhoza kupita ku Marondera n’kubwerako, basi, osakhotera kwina. Yachiwiri inali Harare. Yachitatu Kariba. Yapamwamba penipeni, pamene thanki yadzaza mpaka m’khosi, ankaitcha Dedza. Mzungu dzina limeneli sankalidziwa. Iye ankangoti fulu.

Mkati mwa ndege munali mageji awiri osonyeza mafuta, ndipo agogo ankawada ngati anawabera nkhuku. Ankanena kuti geji ndi kalaliki, imalemba zimene bwana akufuna kumva, pamene kamtengo kamakaona kokha. Lamulo lawo lina linali lakuti mgolo wa mafuta suimikidwa, umagonekedwa chammbali. Ukaima, mvula imadikha pa chivundikiro, ndipo mgolowo ukamazizira umayamwa madziwo pang’onopang’ono popanda wouona. Zimenezi ku koleji ankaphunzitsa mu temu yachitatu. Ine ndinachoka mu yachiwiri, koma ndinali nditazimva kale kokwana.

Vuto lake, munthu wotere saweruka. Kunyumba ankayeza palafini wa m’nyali ndi kaudzu. Tsiku lina agogo aakazi, aNambewe, anawapeza akulowetsa kaudzu m’botolo la mafuta ophikira.

“Mukufuna kuuluka nawo?”

“Ndimangoona ngati tifike Lamulungu.”

“Tulukani m’khitchini mwanga, aPhiri, musanaone chipande chikutera.”

Ngakhale a gule wamkulu a komboni ya kutsidya anawadziwa. Chaka china kunatuluka chilombo chogwira kamtengo, chimene chinkathamangitsa azimayi pa mjigo n’kumayeza madzi m’ndowa zawo. Agogo anali munthu wa mpingo, gule sankaonera. Anangodutsa chapatali, nkhope kumbali. Madzulo ake anadandaula chinthu chimodzi chokha, kuti chilombocho chimalowetsa kamtengo chopendeka, ndipo chopendeka chimanama.

Nyumba yawo inagundana khoma ndi ya a Jailosi Mbewe, mkulu wa mpingo amene kale ankayendetsa thirakitala. Chibadwire changa sindinawaone awiriwa akulankhulana. Ankakhala pa khonde limodzi, mipando yawo itatalikirana mikono iwiri, koma mawu ankayenda ulendo wautali, kudzera mwa aliyense wodutsa. Nditabwerako ku koleji, udindo umenewu unagwera ine, ndipo mpaka lero ndi ntchito yokhayo imene ndaigwira nthawi yaitali.

“Iwe wa koleji, kawauze a Mbewe kuti nkhuku zawo zikumaliza therere langa.”

A Jailosi ali pomwepo, akusenda chinangwa.

“Uwauze aPhiri kuti nkhuku sizinabatizidwe, malire sizidziwa.”

“Uwauze kuti mwini wake anabatizidwa kawiri koma chimodzimodzi.”

Sanali adani. A Jailosi akadwala, agogo ankanditumiza ndi phala, n’kundiuza kuti ndinene kuti lachokera kwa aNambewe. Chimene chinaima pakati pawo chinali Lachisanu limodzi, ine ndisanabadwe. Nkhani yake ndinaimva kwa onse atatu, agogo, agogo aakazi ndi a Jailosi, ndipo pa zikuluzikulu amagwirizana.

Inali nthawi ya mvula yamphamvu, nkhondo ya ku Mozambique itangotha, mabasi atayambanso kudutsa ku Tete. Lachinayi kunabwera uthenga pa foni ya ku ofesi ya purazi: amayi awo a agogo amwalira ku Dedza, abale adikira mpaka Loweruka. Agogo anali asanawaone amayi awowo chichokereni. Tsoka ilo, mtsinje unali utakokolola kamlatho kolumikiza purazi ndi msewu wa tara. Galimoto sikanatuluka, munthu sakanawoloka. Basi ya ku Malawi inkanyamuka ku Harare Lachisanu m’mawa n’kudutsa pa Mutoko chakumasana.

Mzungu anali atachokapo. Panali mwana wake, amene anali atangophunzira kumene kuyendetsa ndege, ndipo pa komboni ankamutcha Kachipewa. Mtima anali nawo wabwino. Anati, madala asadandaule, mawa ndiwatula pa kabwalo ka ndege ka ku Mutoko, basi akaikwerera kumeneko.

Tsopano mumvetse mwambo wathu. Namfedwa sagwira ntchito. Satunga madzi, sawaza nkhuni, ngakhale nsapato amamuvalika. Komboni yonse inasonkhana pakhomo pa agogo, nyimbo, mapemphero, iwo atawakhazika pa mphasa ngati mwana. Lachisanu m’mawa anavala suti yawo, n’kutenga botolo la jamu ndi kamtengo kuti atuluke. Pakhomo panali a Jailosi.

“APhiri, mukupita kuti ndi zimenezo?”

“Ndikaone mafuta.”

“Amayi anu agona pa mphasa ku Dedza, inu mukakwere makwerero? Anthu atiseka. Aziti mpingo wa pa purazi ino ulibe amuna.”

“A Mbewe, n’zosachedwa. Ndingokhetsa, ndiyeze, ndabwera.”

“Bweretsani kuno, achimwene. Lero manja anu ndife.”

Analandira kamtengo kaja ndi manja awiri, mwaulemu, n’kukalowetsa m’thumba la jekete. Azimayi anawagwira agogo m’mapewa n’kuwabwezera pa mphasa. Kukana chifundo pamaso pa mpingo wonse n’kovuta kuposa kukana nkhonya. Anakhala pansi.

A Jailosi anapita okha ku shedi ya ndege. Mgolo wabwino unali mkati, ndipo kiyi wake anali m’thumba la ovolosi ya agogo. Iwo anaona kuti n’kusowa khalidwe kukafunsa namfedwa kiyi. Kuseri kwa shedi kunali mgolo wina woimirira, umene anyamata a lole anausiya choncho pa Khirisimasi. Agogo anali ataukana kale n’kuulemba mtanda ndi choko, koma choko ndi mvula sizigwirizana. A Jailosi anathokoza Mulungu kuti mgolo waima kale, pampu ingolowa. Chikopa chija anachiona kuti chikuchedwetsa, ndipo basi siyembekeza. Anadzaza thanki ya kumanzere mpaka m’khosi, mgolo n’kutha. Kamtengo sanakatulutse m’thumba, poti sankadziwa kuwerenga mphini. Kachipewa anabwera, anasuzumira mageji: kumanzere fulu, kumanja theka. Anamenya tayala ndi nsapato n’kunena kuti zonse zili bwino. Kukhetsa anali asanakhetsepo pa purazi ino, chifukwa nthawi zonse ankapeza madala atakhetsa kale.

Agogo anawaperekeza ku bwalo ndi kwaya, atawagwira mikono mbali zonse ziwiri. Anadutsa pansi pa phiko akuyang’ana kabowo kokhetsera kaja, koma manja anali ndi eni ake. Kanali koyamba kulowa m’ndege imene anaimwetsa zaka makumi awiri.

Ananyamuka injini ikumwa thanki ya kumanja. Agogo ankati komboni inachepa mpaka kufanana ndi mabokosi a machesi, ndipo anadabwa kuti malo aang’ono choncho anamuyamwa munthu unyamata wonse. Atadutsa minda ya fodya n’kufika pamwamba pa mapiri a matanthwe, Kachipewa anawerama. Pakati pa mipando iwiri, pansi, pali kampopi kosankhira thanki. Anakatembenuzira kumanzere, ku thanki yodzaza ija.

Sipanapite nthawi. Injini inatsokomola kawiri ngati nkhalamba ya chingambwe, kenaka inangoti zii. Kunatsala mphepo yokha. Mphuno ya ndege inayamba kuwerama.

Kachipewa anakankha ichi, anakoka icho, akukuwa mu wailesi, maso pa geji. Agogo chifuwa chimenecho anachidziwa.

“Ndi madzi, bwana. Bwererani kumanja.”

“Khala chete, madala! Thanki yadzaza, sukuona?”

“Yadzaza mvula. Bwererani kumanja.”

Mnyamatayo sanamve, makutu anali atatseka ndi mantha. Agogo, amene moyo wawo wonse sanakhudzepo kanthu mkati mwa ndege kupatula ndi kansalu kopukutira, anawerama ndi suti yawo n’kutembenuza kampopi kaja okha. Palibe chinachitika. Anayamba Pemphero la Ambuye. Ankati analifikitsa pakati, matanthwe akukula, mpaka anayamba kuona mbuzi imodziimodzi. Ndiye injini inalavula, inatsokomolanso, n’kudzuka.

Kachipewa anaseka ngati wamisala, thukuta kamukamu.

“Madala, watipulumutsa! Taona, msewu wa ku Mutoko ndi uwo. Geji ikuti theka, tifika bwinobwino.”

Msewuwo unkaonekadi patsogolo, tara akunyezimira. Agogo ankanena kuti anaonanso basi, koma agogo aakazi ankati basiyo inalowa m’nkhani patapita zaka zingapo. Chimene sichinasinthe ndi ichi: thanki ya kumanja anali ataiyeza okha Lachinayi m’mawa, uthenga usanabwere, ndipo kamtengo kananyowa mpaka pa Marondera. Kupita ndi kubwerako, basi. Theka la mafuta amenewo linali litapsa kale, ndipo Mutoko anali patali kuposa kumene anachokera.

“Tembenukani, bwana.”

“Wati chiyani? Nanga amayi ako?”

“Amayi anga afa kale. Anu alipo. Tembenukani.”

Anatembenuka. Injini inazima matayala atangogunda udzu, ndipo ndege inayenda yokha mwakachetechete mpaka pafupi ndi kwaya, imene inali isanabalalike. A Jailosi anathamanga. Agogo anatsika n’kuwatambasulira dzanja. Kamtengo kanatuluka m’jekete. Anakwera makwerero ndi suti yomweyo, pamaso pa mpingo wonse, ndipo panalibe wowaletsa. Thanki ya kumanja: kamtengo kanatuluka kouma, geji ikulozabe kuti mafuta alimo. Anapita kumanzere, anakhetsa m’botolo la jamu, analikweza kumwamba. Munalibe buluu ngakhale pang’ono. Anapereka botololo kwa a Jailosi ndi manja awiri.

“Zikomo pothandiza, a Mbewe.”

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anawalankhula kwa iwo mwachindunji.

Mufunsa kuti bwanji sanatsuke thanki n’kunyamukanso. Anatsukadi, koma pomaliza dzuwa linali litapendeka, basi itadutsa, ndipo Kachipewa amayi ake anali atamulanda kiyi wa ndege. Mtsinje unaphwa Lachiwiri. Ku Dedza anaika maliro Loweruka monga ananenera.

Kuyambira pamenepo ulendo wa kwawo unkangosunthidwa. Poyamba anali manyazi. Agogo aakazi akati tiyeni tikaone manda, iwo ankayankha kuti akawauza chiyani abale, kuti munali madzi? Kenaka inafika nthawi imene mapurazi anagawidwa. M’mawa wina mzungu anawauza kuti adzaze mathanki onse awiri. Anathira pa chikopa, anakhetsa, anayeza. Ankati tsiku limenelo ndi lokhalo limene mapiko onse awiri anafika pa Dedza. Ndege inadzuka n’kulowera kum’mwera, ndipo sinabwerenso.

Atakalamba, manyazi atatha, anafuna kupita. Pamenepo n’kuti pasipoti yawo yakale itafa, ndipo chitupa chawo chinkanena kuti ndi mlendo m’dziko limene anakhalamo kuyambira asanamere ndevu. Ndinawaperekeza pa kombi, minibasi ya kuno, kukafunsa za mapepala, ine monga mlangizi wa Chingerezi. Pepala lililonse linkafuna pepala lina limene analibe. Chingerezi changa chinathandiza kwambiri, chifukwa tinamva bwinobwino kuti sizitheka. Pobwerera, titafika pa siteji, anangoti dalaivala wa kombiyi amakhulupirira geji.

Bwalo la ndege linagwera m’munda wa bambo wina wa ku Murehwa, munthu wabwinobwino, amene anayamba kulilima. Agogo anapita ndi ndodo kukamuletsa.

“Sekuru, ndege yacho iri kupi?” anafunsa bamboyo m’chilankhulo chake, akuyang’ana kumwamba kuti ndegeyo ili kuti.

“Ikadzabwera injini itazima, mudzaiuza kuti izungulire kaye mpaka mukolole?”

Bamboyo anaseka mpaka kukhala pansi, koma chaka chimenecho anasiya kanjira pakati pa chimanga, kokwana wilibala. Chaka chilichonse kankachepa. Agogo ankapitabe ku shedi m’mawa uliwonse. Ankasesa, ankatsuka botolo la jamu, ankaona ngati mgolo wopanda kanthu uja ukugonabe chammbali, n’kupachika kamtengo pa msomali wake.

Pa tsiku la maliro a agogo, bokosi lisanatsekedwe, panabuka kamkangano. Amalume ankafuna kamtengo kaja kapite kwawo ku Norton ngati chikumbutso. Inenso ndinapereka mfundo zitatu zosonyeza kuti kayenera kusungidwa ndi munthu wophunzira. Tili mkati motero, a Jailosi anadzuka pa mpando wawo, pang’onopang’ono, ndodo ili m’manja. Anatenga kamtengoko m’manja mwa amalume, osapempha. Anatembenukira kwa ine.

“Iwe wa koleji, uwauze aPhiri kuti...”

Anaima. Anandikankhira pambali ndi ndodo, n’kuwerama pa bokosi.

“APhiri, ndi ine Jailosi. Ndinakulandani kamodzi. Wina sakulandaninso.”

Anakaika m’dzanja lawo lamanja, mphini ya Dedza ikuyang’ana kumwamba, n’kupinda zala zija chimodzichimodzi. Ntchito yanga ya utumiki inathera pamenepo, popanda kalata.

Tinawaika ku manda a komboni, kumapeto kwa bwalo, kumene ndege inkatembenukira isananyamuke.

Sabata yatha ndinapita ku shedi. Malata awiri anachoka, ndipo chitseko chinapita kukatseka khola la munthu wina. Chimanga chafika mpaka pakhomo, kanjira kaja sikaonekanso. Mlongoti umene ankapachikapo nsalu yoonera mphepo wazengedwa ndi nyemba. Pa khoma pali msomali, ndipo pansi pake pali kamzere koyera, kotalika ngati mkono, pamene fumbi silinkafika. Botolo la jamu lili pa zenera, mvula yadontheramo mpaka theka. Mgolo uja wina anauimika kuti aziyanikapo nsapato, ndipo madzi anali atadikha pa chivundikiro. Ndinaima n’kuuyang’ana kwa kanthawi. Ndinaganiza zougoneka, koma ndinali nditavala malaya oyera, ndipo ndinati ndidzabwera mawa.

Mawa lake ndinaupeza utagona chammbali, mwala utautchinga kuti usagubuduke. M’matope munali mapazi a munthu mmodzi, aafupiafupi, okwekwereza, ndipo pambali pa phazi lililonse panali kadzenje ka ndodo.